Momwe mungaunikire malo a mafuta ndi gasi musanawagule

Wogulitsa malo a mafuta amayamba ndi kukuyalirani mapu okongola, n'kumaloza pomwe akuti pali chuma chosakumbidwa. Mapuwo ayembekeze kaye. Itanitsani kaundula wa zomwe chitsime chilichonse chakhala chikutulutsa mwezi ndi mwezi, mafuta pawokha, gasi payekha, madzi pawokha, kwa zaka zosachepera zitatu. Ndalama zanu zambiri zipite pa zomwe zikutuluka kale. Zongolonjeza zija muziike pamtengo wotsika kwambiri.

Manambala a mwezi ndi mweziwo ajambuleni pa galafu. Chitsime chilichonse chimachepa mphamvu pakapita nthawi, ndipo akatswiri akadagwiritsabe ntchito masamu omwe katswiri wina dzina lake Arps anapanga mu 1945 poyerekeza katsikidwe kake. Chitsime cha mu mwala wa mchenga chimatsika pang'onopang'ono, pomwe cha mu shale, mwala wothina wochokera ku matope, chomwe anachita kuswa mwala ndi madzi chingataye zoposa theka la mphamvu yake m'chaka choyamba chokha. Mukaona mzere wakwera mwadzidzidzi miyezi ingapo malowo asanaikidwe pamsika, funsani. Kawirikawiri amakhala atasintha pampu kapena atatsegula valavu mopitirira, ndipo kukwera kotere sikukhalitsa. Yang'aniraninso madzi. Chitsime chotulutsa migolo 100 patsiku, 95 mwa iyo ili madzi amchere, chimadya ndalama zamagetsi ndi zotayira madziwo kuposa momwe ambiri amaganizira. Mgolo umodzi ndi malita 159.

Tsopano pitani ku mwala. Kuti mafuta apezeke pamalo, zinthu zingapo ziyenera kukumana. Pakhale mwala wobereka mafuta, nthawi zambiri shale yakuda yodzaza zotsalira za zamoyo zakale, yomwe inatenthedwa pansi mpaka pakati pa madigiri 60 ndi 120 a Celsius. Kukatentha kuposa pamenepo, mafuta amasanduka gasi. Pakhale mwala wosunga, monga wa mchenga kapena wa laimu. Pamwamba pake pakhale chivindikiro chosadutsa kanthu, shale kapena mchere, komanso msampha wooneka ngati mbale yovundikira kapena wotsekedwa ndi mng'alu wa miyala. Chomwe ambiri amaiwala ndi nthawi: msampha ukapangika mafuta atadutsa kale, mumaboola n'kupeza madzi okhaokha, ngakhale mapu a seismic, ojambulidwa potumiza mafunde a phokoso pansi pa nthaka, akuonetsa phiri lokongola pansi.

Pa mwala wosunga pali miyeso iwiri yomwe anthu amaisokoneza. Porosity ndi kuchuluka kwa timipata ta m'mwala. Mwala wa mchenga wabwino umakhala ndi 15 mpaka 25 peresenti. Permeability ndi kulumikizana kwa timipatato, ndipo amaiyeza mu millidarcy. Mwala ungakhale ndi timipata tambiri koma totsekeka ndi dongo, mafuta ali momwemo koma osayenda. Choncho musakhutire ndi nambala ya porosity yokha. Funsani zotsatira za core, chidutswa cha mwala chomwe anachizula m'chitsime n'kukachiyeza.

Ma log a zitsime, omwe ndi miyeso ya miyala yotengedwa ndi zida zotsitsidwa m'chitsime, muwerenge nokha kapena mupatse katswiri wosakhala wa wogulitsa. Gamma ray, muyeso wa cheza chachilengedwe chochokera m'mwala, ikakwera ndi shale, ikatsika ndi mchenga woyera kapena laimu. Resistivity, muyeso wa momwe mwala ukukanira kudutsitsa magetsi, ikakwera mkati mwa mchengawo, mwina muli mafuta kapena gasi, chifukwa madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta pomwe mafuta sadutsitsa. Koma samalani, mwala wothina wopanda timipata ndi madzi opanda mchere nazonso zimakweza resistivity. Mizere ya density ndi neutron, ma log awiri oyeza porosity, ikapingasana, nthawi zambiri ndi gasi.

Mukapeza miyesoyi, werengerani mafuta ali pansi. Chulukitsani 7,758 (migolo yomwe ingakwane mu ekala imodzi yochindikala fiti imodzi) ndi maekala, ndi kuchindikala kwa mwala wokhala ndi mafuta m'mafiti, ndi porosity, ndi gawo la timipata lomwe mulibe madzi, kenaka gawani ndi nambala yosonyeza momwe mafuta amachepera akafika kumtunda. Tiyerekeze maekala 160, mafiti 20, porosity 0.18, madzi 35 peresenti kutanthauza kuti 0.65 ndi ya mafuta, ndi nambala yogawira 1.2. Yankho ndi migolo pafupifupi 2.4 miliyoni. Apa ndi pomwe ogula ambiri amapusitsika, poti nambalayi ndi ya zomwe zili m'mwala, osati zomwe zingatuluke. Ngati mafuta akukankhidwa ndi gasi wosungunukamo yekha, mungatulutse 15 peresenti, migolo ngati 360,000. Pomwe madzi apansi akukankha mwamphamvu, gawolo lingapose 35 peresenti. Chotsaniponso zomwe eni ake akale anapopa kale.

Musanavomere kuti pali malo oboola zitsime zatsopano, fufuzani zitsime zouma zonse zozungulira, ndipo pa chilichonse mudziwe chomwe chinalephereka: mchenga unatha, unali pansi pa mzere womwe mafuta amathera n'kuyamba madzi, kapena mng'alu unadula. Mng'alu umodzi ungagawe munda pawiri, mbali ino mafuta, mbali inayo madzi, pamtunda wa mamita mazana ochepa. Seismic ya 3D imaonetsa ming'alu yomwe ya 2D imaidumpha. Yezaninso mphamvu yokankha ya pansi. Madzi opanda mchere amapanikiza ma psi (muyeso wa mphamvu yokankha) 0.433 pa fiti iliyonse yakuya, choncho pa mafiti 5,000 muyembekezere ma psi oposa 2,100. Mukapeza 700, ndiye kuti zitsime zakale zinayamwa kale malowo, ndipo chatsopano chidzangolanda mafuta a chinzake.

Mtundu wa mafuta nawo umasintha mtengo. Opepuka, oposa madigiri 31 a API (muyeso wa kupepuka kwa mafuta), amagulidwa bwino kuposa olemera a pansi pa 22. Gasi wokhala ndi mpweya wapoizoni wa hydrogen sulfide amapha ndiponso amadya mapaipi, ndiye amafuna zida zodula. Gasi wopanda paipi yopita kumsika pafupi alibe phindu, ngakhale achuluke bwanji.

Pamapepala, dziwani chomwe mukugula. M'maiko ambiri chuma chapansi ndi cha boma ndipo mumangogula chilolezo chokhala ndi nthawi yake. Ku United States munthu wamba angakhale mwini wake. Working interest imakupatsani gawo la zotuluka pamodzi ndi mtolo wa zolipira zonse, pomwe royalty imabwera popanda kulipira zoyendetsera. Werengani zitsime zongokhala zomwe zili pamalopo, chifukwa udindo wozitseka ndi simenti nthawi zambiri umatsata wogula. Chilichonse chiyezedwe ngati paipi yake yamkati ikusungabe mphamvu. Yodyeka ndi dzimbiri imalowetsa madzi amchere m'madzi akumwa a pansi, ndipo mtengo wokonza muuchotseretu pa ndalama zomwe mukufuna kupereka.