Kalembedwe ka Buku Lachiwiri la Nthano ya Anthu ndi Mizimu Mumzinda

Mlembi amene wamaliza buku loyamba la nthano ya anthu ndi mizimu mumzinda amakhala atagwiritsa kale ntchito chida chake chakuthwa koposa, chomwe ndi kudzidzimutsa wowerenga. M'buku loyamba lija, mwina mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe anazindikira kuti kasitomala wake wina alibe chithunzithunzi, kapena mnyamata wa kabaza ananyamula munthu usiku ku Chinsapo n'kukamutsitsa pachipata cha manda, ndipo wowerenga anagwira pakamwa. Zotere sizichitika kawiri. Nthano za mtundu uwu, zomwe pa Chingerezi amazitcha urban fantasy, zimakonda kufooka pa buku lachiwiri chifukwa mlembi amayesa kudzidzimutsanso wowerenga pobweretsa chilombo chachikulu kuposa choyamba chija. Ine ndimaona kuti buku lachiwiri liyenera kukhala la anthu amene adziwa kale kuti mizimu ili pakati pawo, ndipo tsopano akuyenera kukhala nayo moyandikana, kutunga nayo madzi pampopi umodzi ndi kulimbirana nayo malo omwewo.

Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, werenganinso buku loyamba lonse muli ndi kope pambali, ndipo mulembemo lamulo lililonse lomwe munaika pa zolengedwa zanu. Ngati pa tsamba lina munanena kuti mizimuyo siwoloka mtsinje wa Mudi, kapena kuti aliyense woyankhula nayo amadwala masiku atatu, lamulolo lakumangani manja, ndipo wowerenga watcheru adzakugwirani mukadzaliphwanya popanda chifukwa. Lembaninso mtengo wa mphamvu iliyonse, chifukwa mphamvu yaulere imapha nkhani. Pa mfundo iyi makolo athu ndi aphunzitsi abwino. Mwambo wa mdulo uli ndi dongosolo lomveka la kutentha ndi kuzizira, lonena za amene angathire mchere m'ndiwo ndi amene asathire, amene anganyamule khanda ndi amene asaligwire, komanso chimene chimagwa pakhomo lamulo likaswedwa. Sindikunena kuti mukopere mwambowo m'buku lanu, koma muone mmene lamulo lililonse limayendera limodzi ndi chilango chake, ndiponso mmene limalowerera m'zinthu zing'onozing'ono za kukhitchini. Malamulo a nthano yanu akhale ogwirika chimodzimodzi.

M'kope lomwelo, tsegulani tsamba la ngongole. Pamene buku loyamba linkatha, wina anapambana, koma wina anaika maliro, wina nyumba yake inagumuka, ndipo mzimu wina unanamizidwa kuti ulandira nsembe yomwe mpaka lero sunalandire. Anthu ndi mizimu imene yatsala ndi mabala ndiyo mbewu ya buku lachiwiri. Kawirikawiri mpangankhani amene anangoonekera m'mitu iwiri, monga mlongo wa munthu amene anafera mwininkhani, ndiye amene ali ndi chifukwa chenicheni choyatsira moto watsopano.

Tsopano sankhani chinthu chimodzi chooneka ndi maso chomwe mbali ziwirizi zikulimbirana, ndipo apa ndi pamene muyenera kukhalitsapo. Chidani chongoti anthu amaopa mizimu ndipo mizimu imanyoza anthu sichinganyamule masamba mazana awiri. Mkangano wokhalitsa umafuna malo, madzi, mitengo kapena manda. Mizinda yathu ili ndi zinthu zimenezi zochuluka. Blantyre anayamba ngati mishoni ya Church of Scotland mu 1876, ndipo kuyambira pamenepo nyumba zakhala zikukwera m'mapiri a Ndirande ndi Soche, mitengo ikugwa chifukwa cha nkhuni ndi makala, mitsinje ikusenza zinyalala za m'mafakitale ndi m'misika. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo maeriya ake anamangidwa pamalo omwe panali midzi, minda ndi manda a anthu. Funso loti mwini wake wa phiri ndi ndani, kapena loti chimachitika n'chiyani kwa ogona m'manda pamene puloti yagulitsidwa, ndi lokwanira kuyendetsa buku lonse. Chofunika n'chakuti mbali iliyonse ikhale ndi chilungamo chake. Bambo womanga kanyumba pamwamba pa phiri sakuchita mwano, wangolephera lendi kumunsi ndipo ali ndi ana asanu. Mzimu wa paphiripo nawonso unalipo mzinda usanabadwe, ndipo mtengo uliwonse wodulidwa ndi denga lake lomwe likusasulidwa. Wowerenga akafika polephera kugamula mlanduwo mumtima mwake, ndiye kuti mwaugwira mtima wa nkhaniyo.

Mukhoza kutsamira pa zikhulupiriro zomwe owerenga anu anakula nazo. Napolo ndi chitsanzo chodziwika: anthu anamutchula pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba mu 1946, anamutchulanso ku Phalombe mu 1991, ndipo dzinali linamvekanso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa Soche. Komabe kumbukirani kuti ngozi zimenezi zinatenga abale a anthu enieni amene angadzagule buku lanu. Ndi bwino kupeka dera lanulanu, lokhala ndi dzina lanu ndi phiri lanu, m'malo motenga maliro a anthu n'kuwasandutsa chokometsera nkhani.

Mukapeza cholimbirana, gawani mbali iliyonse pakati. Anthu a mumzinda sangagwirizane pa nkhani ya mizimu, monga mmene sagwirizanira pa nkhani ina iliyonse. Mfumu ya m'dera ifuna kukambirana kuti mtendere ubwerere, abusa afuna mapemphero a usiku wonse, sing'anga aona mwayi wa makasitomala, khansala aganiza za mavoti, mwini nyumba zalendi aopa kuti alendi athawa, pomwe venda wina wayamba kale kugulitsa ufa wa nsembe m'timapepala. Mizimu nayo musaipange gulu limodzi. Kumudzi mzimu umadziwa ana ake ndipo ana amadziwa kachisi wawo, koma m'tauni mpanda umodzi umasunga Mlhomwe wa ku Thyolo, Mtumbuka wa ku Rumphi, Myao wa ku Mangochi ndi Mngoni wa ku Ntcheu, aliyense makolo ake atagona kutali. Ndiye pali mizimu ya eni nthaka, pali mizimu yobwera yomwe inatsatira ana ake pa basi, ndipo palinso ya anthu amene anafera m'tauni n'kuikidwa ndi alendo. Iyi ikhoza kudana yokhayokha kuposa mmene imadanirana ndi anthu. Mgwirizano wosayembekezeka, monga wa mzimu wobwera ndi mlendi wothamangitsidwa, umachokera m'magawano otere.

Dzifunseninso mmene mzinda weniweniwo ungachitire chinsinsi chikaululika. Ku Malawi kuli lamulo la ufiti la mu 1911, lomwe linakhazikitsidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti komanso kumwetsa mwabvi. Tangoganizani za majisitireti amene waphunzira lamulo limeneli, lero akuweruza mlandu womwe mboni yake yaikulu inamwalira zaka khumi zapitazo ndipo yaima m'khoti. Ganizaninso za wapolisi wolemba sitetimenti, mtolankhani wa pawailesi amene akulandira mafoni a omvera, ndi kalaliki wa kukhonsolo amene sakudziwa fomu yoti apereke. Zithunzi zoterezi ndi zomwe zimasiyanitsa nthano ya mumzinda ndi nthano ya pamoto ya padangotero.

Mphekesera muipatse malo ake, chifukwa m'mikangano yotere ndiyo imapha anthu ambiri kuposa zilombo. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika mu Blantyre, anthu anatseka misewu ndi kusecha magalimoto, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa. Onetsani mmene uthenga umodzi wa pa WhatsApp umasinthira pochoka pa foni ina kupita pa ina, mpaka mlendo wongofunsa njira asanduke mdani. Pano ndili ndi pempho lomwe ndikulinena mochokera pansi pa mtima. Musalembe buku lomwe likutsimikizira gulu lolusa kuti linkanena zoona. Agogo okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa m'dziko muno powaganizira ufiti, ndipo anthu achialubino aphedwa chifukwa cha bodza loti ziwalo zawo zimalemeretsa. Ngati nthano yanu ionetsa gogo wokhala yekha ali mfiti yeniyeni, kapena ionetsa mankhwala a ziwalo akugwiradi ntchito, mwathira palafini pamoto womwe ukuyaka kale kunja kwa bukulo. Zolengedwa zanu zikhale zopeka moonekeratu, ndipo munthu wolozedwa chala akhale munthu amene wowerenga akumudziwa dzina ndi kumumvera chisoni. Ulemu womwewo muupereke ku Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005: ndi mwambo wamoyo wokhala ndi eni ake ndi zinsinsi zake za kudambwe, osati nkhokwe yotapamo zilombo zoopseza.

Mwininkhani wanu asabwerere ali chimodzimodzi. Amene anaona zobisika m'buku loyamba tsopano ali pakati, ndipo mbali iliyonse ikumukayikira: anansi akuti wagulidwa ndi mizimu, mizimu ikuti ndi kazitape wa anthu. Mupatseni munthu amene amamukonda ku mbali iyi ndi ngongole yosabwezeka ku mbali inayo, kenaka mukonze tsatanetsatane wa nkhani mwakuti pampondachimera alephere kukondweretsa onse. Chomwe ataye pamenepo chikhale chinthu chomwe wowerenga wachiona akuchisamala kuyambira mutu woyamba.

Za mutu woyambawo, pewani kuuyamba ndi masamba asanu obwereza zomwe zinachitika kale. Yambani ndi chochitika chatsopano chomwe chikuonetsa kuti mzinda wasintha, monga minibasi yomwe kondakitala wake wasiya mpando umodzi wopanda munthu ndipo palibe wokwera amene akufunsa chifukwa. Zakale zilowe pang'onopang'ono, pamene mpangankhani wakhudza chipsera, kapena pamene wina watchula dzina lomwe ena sakufuna kulimva. Mayankhulidwe nawo akuthandizeni kusiyanitsa mbali ziwirizi. Mzimu wakale ukhoza kuyankhula Chichewa chozama, cha miyambi ndi mikuluwiko, chosatchula chinthu mwachindunji, pomwe achinyamata a kudepoti akuyankha m'chiyankhulo chawo chachidule chosakaniza. Kusamvana kwina kubadwire m'mawu momwemo, pamene mzimu wapereka chenjezo mophiphiritsa ndipo womvayo waliyesa moni.

Pomaliza bukulo, tsekani mlandu womwe munautsegula. Ngati unali wa phiri, wowerenga adziwe amene watsala paphiripo ndi mtengo womwe walipira, ngakhale mutakhala ndi maganizo olemba buku lachitatu. Khomo limodzi lokha ndi lomwe mungasiye lotsekula, ndipo likhale lochokera ku chigamulo chomwe mwininkhani wapanga. Mukamaliza kulemba koyamba, perekani zolembazo kwa anthu awiri: wina amene anawerenga buku loyamba, kuti akuuzeni pomwe mwaphwanya malamulo anu kapena mwabwereza zomwe akuzidziwa, ndi wina amene sanaliwerenge, kuti alembe chizindikiro pa tsamba lililonse pomwe wasokonezeka. Onse awiri muwafunse kuti anali mbali iti pa mkanganowo, ndiponso tsamba lomwe anayambira kukayikira mbali yawoyo. Akalephera kuloza tsamba lotero, bwererani ku mitu ya pakati ndipo mukalimbitse mlandu wa mbali yomwe onse awiri anaikana.