Kumata timatabwa pa kachombo kamatanga

Popanga kachombo kofanizira zombo zakale zamatanga, monga HMS Victory, chombo chankhondo cha ku Britain cha mu 1765, ambiri ntchito imawaonongekera pa timatabwa ta m'mbali. Musanamate kalikonse, palani m'mphepete mwa nthiti (matabwa opingasa am'kati mwa kachombo, omwe timatabwato timamatidwapo) ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo, mpaka kathabwa koyesera kagone bwino pa nthiti zitatu zotsatizana. Mukalumpha apa, kachombo kamatuluka mabampu oti penti sangabise.

Yezani nthiti iliyonse ndi kapepala, kuchokera pa msana (thabwa lalitali lapansi lomwe nthiti zimakhalapo) kufika pamwamba. Yapakati ikakhala mamilimita 100, timatabwa n'kukhala ta mamilimita 5 mulifupi, ndiye kuti tikufunika 20. Nthiti yakutsogolo ikakhala mamilimita 60, sengani kathabwa kalikonse kafike pa 3 pamalopo. Koma musapitirire theka la mulifupi mwake, chifukwa nsonga yowonda kwambiri imamatuka.

Viikani kathabwako m'madzi otentha mphindi 15, kapindeni pa nthiti, kapaneni, kaume usiku wonse. Mukamata kakadali konyowa mudzaona mipata, poti thabwa limafota likamauma. Guluu woyera wa matabwa ndi wokwanira, pang'ono chabe.

Matani kamodzi kumanzere, kamodzi kumanja. Mukayamba mwamaliza mbali imodzi, timatabwa timakoka msana n'kuukhotetsa.