Momwe mungaonere ISS ikudutsa kumwamba

International Space Station, kapena kuti ISS, ndi chombo chachikulu cha m'mlengalenga momwe akatswiri amakhala n'kumachita kafukufuku. Imazungulira dziko lapansi ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, ndipo kuzungulira kamodzi kumatenga mphindi pafupifupi 90. Mwakhala muli anthu mosalekeza kuyambira mu Novembala 2000. Mutha kuiona ndi maso anu, popanda chipangizo chilichonse.

Ikani pa foni pulogalamu yotchedwa Spot the Station ya NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, muilole idziwe dera lomwe muli. Ikuuzani nthawi, mbali yomwe ISS itulukire, komanso madigiri omwe ikwere kuchokera pomwe thambo limaoneka ngati lakumana ndi nthaka. Sankhani tsiku lomwe ipitirire madigiri 40, chifukwa ikadutsa m'munsi mitengo ndi madenga zimaitchinga. Poyeza, tambasulani mkono mutakunga chibakera: chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10.

Imaoneka dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, poti ilibe kuwala kwakekwake, imawala chifukwa dzuwa likuiwomba pomwe pansi pali mdima. Tulukani patatsala mphindi 5, muzimitse tochi kuti maso azolowere. Mudzaiona ngati nyenyezi yowala kwambiri ikuyenda mwachifatse, osaphethira. Chophethira ndi nyali zofiira ndi ndege. Ikazimiririka ili pakati pa thambo, ndiye kuti yalowa mumthunzi wa dziko.