Kupita ndi wachinyamata kukasaka ndi mfuti pamalo pomwe palinso alenje a uta

Ku Wisconsin, m'dziko la United States, boma limapatula masiku awiri a mwezi wa Okutobala kuti achinyamata a zaka 15 kutsika m'munsi akasake agwape ndi mfuti, nyengo ya alenje a uta ili mkati. Pamasiku amenewo wa uta nayenso amalamulidwa kuvala chovala chowala cha mtundu wa lalanje kapena wa pinki. Kuno ku Zimbabwe masiku sagawidwa chotero. Holide ya Ogasiti, pomwe bambo wa ku Highfield kapena malume wa ku Mufakose, mu Harare, amapeza mpata wotenga mnyamata kupita naye kutchire, ndiyo nthawinso yomwe madzi amachepa, nyama zimasonkhana pamadziwe, ndipo a uta amakhala atabisala pomwepo. Ndiye ntchito yolekanitsa anthu awiriwa ili m'manja mwanu ndi mwa mwini famu.

Musanachoke mu Harare, mapepala akhale bwino. Satifiketi ya mfuti, yomwe imachokera kupolisi, ikhale m'dzina la wamkulu amene akupita nawo, ndipo iyeyo asasiyane ndi mwana ngakhale pang'ono. Mwini malo akupatseni chilolezo cholemba, chotchula nyama zomwe mwaloledwa kupha. Za uta zili ndi malamulo akeake, ndipo ofesi yaikulu ya ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, pa Borrowdale Road, pafupi ndi Botanical Gardens, ndiyo yofotokoza malo omwe uta umaloledwa.

Mfuti igwirizane ndi nyama, igwirizanenso ndi phewa la mwana. Malamulo a 1990 a za nyama zakutchire amafuna kuti nswala, njiri, mbawala ndi nguluwe ziomberedwe ndi chipolopolo chosachepera 5.56 mm kunenepa kwake, cha mphamvu yosachepera 0.85 kJ (kJ ndi muyeso wa mphamvu ya chipolopolo). Ngoma ndi mbidzi zimafuna 7 mm ndi 3 kJ. Choncho mfuti yaing'ono ya .22 LR, yomwe ana ambiri amaphunzirira, ndi yoomberera chandamale basi, mphamvu yake siifika. Mfuti ya .243 ndiyo yabwino kuyambira: imagwetsa nswala, siikankha kwambiri, koma chipolopolo chake ndi cha 6.2 mm, kotero pa ngoma siiloledwa. Musathamangire kumupatsa mfuti yamphamvu kwambiri ya .308. Mwana amene mfuti yamumenya phewa amayamba kutsinzina ndi kudzidzimuka asanakhethemule, ndipo khalidwe limeneli limavuta kulichotsa. Ayesere pachandamale cha mamita 50, kenako 100, atatsamiritsa mfuti pandodo zitatu zomwe akagwiritse ntchito kutchire, makutu atatseka. Zipolopolo zitatu zikamagwera malo osaposa chikhatho, wakonzeka, ndipo mtunda umenewo ndiwo malire ake.

Mukafika pafamu, khalani pansi madzulo ndi mwini malo pamodzi ndi a uta, mapu ali patsogolo. Lembanipo khumbi lililonse lobisaliramo ndi mtengo uliwonse womwe munthu akakweremo. Wa uta amaombera pamamita 20 kapena 30, amavala zofanana ndi tchire, ndipo amatha maola ambiri osagwedezeka. Chipolopolo cha .243 kapena .308 chikaphonya chimatha kupitirira makilomita atatu. Kungogawana magawo sikokwanira ayi. Mugwirizanenso mbali yomwe mfuti ikaloze, kuti khumbi lisakhale kutsogolo kwa mwana olo litatalikira bwanji. Gulu lililonse likhale ndi wailesi ya m'manja, chifukwa netiweki ya foni kutchire ndi yosadalirika. Onse avale chipewa ndi vesiti ya lalanje poyenda. Ena amakana poopa kuti nyama ziwaona, koma chimene chimathamangitsa nswala ndi fungo ndi kugwedezeka. Wa uta amange nsalu ya lalanje kuseri kwa khumbi lake, mbali yochokera anthu.

Ngozi yaikulu imabwera wa uta akalasa nyama. Amadikira kaye mphindi 30, kapena maola angapo ngati muvi walowa m'mimba, kenako amayamba kutsata magazi. Nyama yolasidwa siidziwa mapu. Imadumpha msewu womwe munati ndiwo malire, ndipo mlenje amaitsatira atawerama, akuyenda pang'onopang'ono m'udzu wautali, nthawi zambiri dzuwa likulowa. Mwana yemwe mtima ukumugunda, akaona chinthu chofiirira chikuyenda m'tchire, amaona njiri. N'chifukwa chake wa uta akangolasa alankhule pawailesi, ndipo mfuti zonse zichotsedwe zipolopolo kufikira atanena kuti wamaliza.

Poyenda, chipolopolo chisakhale m'chipinda choomberamo, ndipo chiloweko pokhapokha mfuti ili pandodo. Wamkulu aime kumbuyo kwa phewa la mwana, pomwe dzanja lake lingafike pamfuti, iye asanyamule ina. Mwanayo anene mokweza pang'ono nyama yomwe akuona, ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, ndi chomwe chili kuseri kwake. Kuseriko pakhale chulu kapena mtunda wa dothi. Nyama yoima pamwamba pa chitunda, kumbuyo kwake kuli thambo lokha, isiyeni ipite. Yomwe ikumwa padziwe isiyeninso, chifukwa chipolopolo chikagunda madzi kapena mwala chimanjanja n'kulowera komwe simunalinge, ndipo padziwe ndi pomwe makumbi a uta amamangidwa.

Mwana akaombera, abwezeremo chipolopolo china, atseke loko wa mfuti, ayang'anitsitse pomwe nyama yalowera. Dziwitsani a uta pawailesi musanasunthe. Mfuti isalowe m'galimoto kapena kuwoloka waya wa mpanda musanaitsegule nonse awiri n'kuona ndi maso kuti mulibe kanthu.