Chikumbu cha nyanga zazitali chikutha khofi, alimi akuthira feteleza

M'minda ya khofi yozungulira Mzuzu ndi kumapiri a Nkhata Bay, nyengo ino mitengo yambiri yachita chikasu ndi kuyoyola masamba mvula ili mkati, ndipo pafupifupi mlimi aliyense amene ndamufunsa wayankha kuti nthaka yaguga kapena kuti chiswe chalowa. Ndi maganizo amenewa, anthu akuwononga ndalama pogula feteleza wothira pa mitengo imene yadyedwa kale mkati, pomwe chikumbu chimene chabweretsa vutoli chili pa thunthu pomwepo, iwo n'kumachidutsa osachidziwa. Ndikunena za chikumbu choboola tsinde la khofi, chimene akatswiri amachitchula kuti Monochamus leuconotus, ndipo m'mabuku akale chimalembedwa kuti Anthores leuconotus. Chili m'banja la Cerambycidae, la zikumbu za nyanga zazitali, ndipo ndi mdani wamkulu wa khofi wa Arabica kuyambira ku Misuku ndi ku Phoka mpaka ku Viphya.

Chikumbuchi si chovuta kuchizindikira kwa munthu amene waima n'kuchiyang'anitsitsa. Thupi lake ndi lalitali pafupifupi masentimita 3, lowulungika motalika, osati lobulungira ngati la zikumbu za m'ndowe. Mutu ndi chifuwa zimakhala zakuda mofiirira, koma mapiko olimba a pamsana ndi otuwa moyererako, ali ndi banga lakuda chakumapeto. Nyanga ziwiri zotuluka pafupi ndi maso zimakhala ndi mfundomfundo, ndipo pa chachimuna zimatalika kwambiri kuposa thupi lonse, pomwe pa chachikazi zimangopitirira pang'ono. Mukachiyang'ana cham'mbali muona kuti nkhope yake ndi yophwatalala ndipo yaloza pansi, komanso kuti mbali iliyonse ya chifuwa ili ndi kaminga kamodzi. Mukachigwira chimalira kaphokoso kokwecha. Zizindikiro zimenezi zikapezeka pamodzi pa chikumbu chimene chakhala pa mtengo wa khofi mvula yoyamba itagwa, palibenso chifukwa chokayikira. Kutuwa kwa msana wake kumafanana ndi khungwa lokhala ndi ndere, n'chifukwa chake wodutsa mothamanga sachiona, koma khofi salimidwa mothamanga.

Chilipo china cha m'banja lomweli, Dirphya nigricornis, chimene ena amachisokoneza ndi ichi. Icho ndi chowonda, chachikasu chakumutu, cha nyanga zakuda, ndipo mbozi yake imatsika m'nthambi n'kusiya timabowo tondondozana mumzere. Chathuchi chimagwira pansi, patsinde, ndipo kumeneko ndi kumene mtengo umafera.

Chachikazi chimatafuna khungwa n'kuikira dzira mkati mwake, kawirikawiri pa gawo la tsinde losapitirira theka la mita kuchokera pansi. Pakatha masabata atatu kapena kuyandikira pamenepo, mbozi yoyera yopanda miyendo imaswa n'kuyamba kudya pansi pa khungwa mozungulira tsinde, motero imadula njira imene chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira ku mizu. Ikakula imalowa m'kati mwa thunthu n'kutsikira ku mizu, ndipo imatha kukhala mmenemo chaka chathunthu ngakhale kuyandikira zaka ziwiri isanatuluke ili chikumbu, kudzera pa bowo lozungulira lokula pafupifupi sentimita imodzi. Tanthauzo lake ndi lakuti chikasu chimene mukuchiona lero chinayamba ndi dzira limene linaikiridwa mvula yapita kapena ya dzana, ndipo feteleza amene mukuthirayo alibe njira yothandizira mtengo umene khungwa lake lazengedwa kale. Mwataya thumba la feteleza, mwataya mtengo umene munaudikira zaka zitatu kuti uyambe kubereka, ndipo mudzadikiranso zaka zina zitatu pa mbande imene mubzale m'malo mwake.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi chizolowezi chosunga zitsa. Bambo wina amene amalima khofi chakunjira ya ku Nkhata Bay anazula mitengo yake yofota monga tinamulangizira, koma m'malo moitentha anaiunjika kuseri kwa khitchini, akuti nkhuni zabwino chotere sizingapsere pachabe. Mvula itagwa, mayi a kunyumbako anayamba kuona zikumbu za nyanga zazitali zikukwawa pa mulu wa nkhunizo, ndipo ana ankazigwira n'kumaseweretsa. Bamboyo atawaza chitsa chimodzi anapeza mbozi zonenepa zili moyo, ndipo mundawo unali pamtunda wongoponya mwala kuchokera pa muluwo. Kusowa kwa nkhuni ndikukudziwa, koma mtengo umene uli ndi mbozi ukaumira pamulu mboziyo siifa, imamaliza kukula n'kubwerera kumunda komwe inachokera. Enanso mpaka lero amafunsa mankhwala a dieldrin amene makolo ankapaka pamatsinde, chonsecho analetsedwa kalekale chifukwa cha poizoni wake amene amakhalitsa m'nthaka ndi m'matupi a anthu.

Zoyenera kuchita ndi zodziwika kale. Kuyambira mu Novembala mpaka mu Januwale yenderani munda m'mamawa, tolani zikumbuzo ndi manja n'kuzipha. Fukulani zinyalala patsinde kuti muone ngati pali utuchi kapena khungwa lotupa mozungulira, ndipo pamene pali bowo lowetsani waya kuti mubaye mbozi. Mvula isanayambe khulani tsinde ndi chiguduli kuti khungwa lisalale, chachikazi chisowe poikira mazira, koma musafike pa mnofu wobiriwira. Mtengo umene wadyedwa kwambiri uzuleni ndi mizu yomwe n'kuutentha tsiku lomwelo. Za mankhwala opaka patsinde funsani alangizi a bungwe la alimi a khofi la Mzuzu Coffee m'dera lanu, ndipo chikumbu chimene mukuchikayikira chiikeni m'botolo mupite nacho kwa iwo kapena ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa ku Mzuzu kuti akachione.