Poto wa enamel wodula kapena wotchipa: momwe mungasankhire musanatulutse ndalama

Mapoto olemera aja, ofiira, abuluu, a olenji, amene anthu akuwajambula kwambiri pa Facebook masiku ano, mkati mwake ndi chitsulo cha cast iron koma pamwamba anamatapo enamel, ndipo enamel ameneyu ndi galasi losungunulidwa pa moto wamphamvu. Galasilo ndi lomwe limateteza poto ku dzimbiri, mutha kuphikamo matimati ambirimbiri ndiwo osamveka chitsulo, komanso safuna zomupaka mafuta mukatsuka. Chovuta ndi mtengo basi, poto wa makampani otchuka a Le Creuset kapena Staub amatha kudula kanayi kapena kasanu kuposa mnzake wa saizi yomweyo wopangidwa ku China. Ndiye tiyeni tione mochitira.

Choyamba dzifunseni kuti mumaphika pa chani. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Ngati kwanu ndi pa kuka ya magetsi kapena gasi palibe vuto. Koma ngati tsiku lililonse ndi pa mbaula kapena nkhuni, musataye ndalama zanu chonde, moto wa makala ndi waukali ndipo suyenda mofanana, enamel amada ndi mwaye, nthawi zina amang'aluka, ndiye mwayewo simungaukweche ndi mchenga kapena sitilu wulu ngati momwe timachitira ndi mapoto a aluminiyamu. Pa makala gulani wachitsulo wosamata kanthu, ngati potjie wa miyendo itatu uja wa ku South Africa, ameneyo moto sauopa.

Chachiwiri dziwani chimene mukulipira. Le Creuset inayamba mu 1925 ku Fresnoy-le-Grand ku France ndipo mapoto ake a cast iron amaumbidwabe komweko. Staub ndi ya ku Alsace, ku France konko, inayamba mu 1974. Lodge ya ku Tennessee ku America ndi yakale kuposa onsewa, 1896, koma mapoto ake ambiri a enamel amapangidwa ku China nchifukwa chake mtengo uli pansi. Kunena zoona nyemba zophikidwa mu poto wotchipa ndi zophikidwa mu wodula zimakoma chimodzimodzi, chitsulo chimasunga kutentha mofanana. Ndalama zoonjezerazo zimapita ku enamel amene sagamphuka msanga, chivindikiro chokhala bwino, zogwirira zazikulu, ndi waranti ya zaka zambiri. Pa warantiyo ganizani bwino, Le Creuset ili ndi mashopu ku Johannesburg ndi Cape Town, ndiye kwa inu muli ku Joni kapena ku UK kubweza poto nkosavuta mukasunga lisiti, koma muli ku Zomba kutumiza chinthu cha makilo 5 kunja si nkhani yamasewera.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye ndimachikakamira kwambiri, mugwireni poto ndi manja musanalipire. Yendetsani chala m'mphepete monse ndi mkati, mukamva timatuza kapena kuona timabowo tating'ono ngati toboola ndi singano, musiyeni. Vindikirani kenako dinani chivindikiro mbali iyi ndi iyo, chikamagwedera kwambiri ndiye kuti nthunzi izithawa. Muikeni pa tebulo muone ngati wakhazikika. Munyamuleni ndi nsalu m'manja, zala zikukwana mu zogwirira? Kumbukirani kuti akadzadza nyama ndi msuzi kulemera kumaonjezekera. Onaninso kachogwirira ka pa chivindikiro, kapulasitiki kali ndi malire ake mu uvuni, kachitsulo ndiye kabwino ngati mukufuna kumaphikiramo buledi. Wa pa kaunjika, kagamphu kakang'ono kunja si vuto kwenikweni, koma akagamphuka mkati mophikira musagule ngakhale atsitse bwanji, tizidutswa tagalasi titha kulowa m'chakudya cha ana. Ndipo mukaona Le Creuset watsopano pa intaneti pa mtengo wa poto wamba, dziwani kuti ndi feki.

Mtundu wa mkati ndi kukonda kwanu. Woyererako ngati wa Le Creuset mumaona bwino anyezi akamapsa koma umathimbirira pakapita nthawi, wakuda ngati wa Staub umabisa madontho. Saizi, wa masentimita 24 amalowa malita pafupifupi 4, wa 26 malita 5 ndi pang'ono, banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi tengani wa 26.

Ine maganizo anga ndi awa, ngati simunagwiritsepo poto wotere yambani ndi wotchipa amene wakhoza mayeso ali pamwambawa. Wodula ngwa munthu amene amaphika za moto wochepa pafupifupi tsiku ndi tsiku, nyama ya mbuzi, mapazi a ng'ombe, nyemba, ndipo akudziwa kuti pakhomo aliyense amusamala. Chifukwa onse awiri amaonongeka ndi zinthu zomwezo, kumutenthetsa mulibe kanthu, kuthira madzi ozizira akadali wamoto, kupala ndi sipuni yachitsulo. Gwiritsani mthiko kapena chipande chamtengo, moto wapakati, zikapserera dikirani azizire munyike m'madzi ofunda ndi soda pang'ono. Nsima pitirizani kuphikira mu poto wanu wakale uja, nkhoko zimafuna kupala ndipo enamel zopalapala sagwirizana nazo.