Kugula oyilo wa injini wambiri mtengo ukatsika, ndi kudziwa polekezera

Aliyense amene ali ndi galimoto amadziwa kuti oyilo wa injini adzamufuna ndithu, kaya mwezi wamawa kaya chaka chamawa, choncho akaona kuti ogulitsa atsitsa mtengo, mtima umathamangira kuti agule wochuluka n'kusunga. Maganizo amenewa ndi abwino, chifukwa oyilo wosatsegula amakhala nthawi yaitali osawonongeka, ndipo ndalama zimene munthu amapulumutsa pa zigubu zinayi kapena zisanu sizikhala zochepa. Zinthu zimasokonekera pamene munthu wayamba kugula chifukwa cha mtengo wokha, osawerengera ngati injini yake idzamwedi oyilo yenseyo. Ndalama zimapulumuka tsiku limene oyiloyo walowa mu injini, ndipo chigubu chilichonse chimene sichidzafika tsiku limenelo chagulidwa modula ngakhale mtengo wake unatsitsidwa ndi theka.

Musanapite kokagula, tsegulani buku la galimoto yanu lochokera kwa opanga, ndipo mufufuzemo zinthu zitatu: malita amene injini imamwa mukamasintha oyilo pamodzi ndi fyuluta, mtunda kapena nthawi yosinthira, ndi mtundu wa oyilo wofunika. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimamwa malita a pakati pa 3.5 ndi 5, pamene mapikiapu a dizilo amamwa ochulukirapo. Tiyerekeze kuti yanu imamwa malita 4.5, mumasintha pa makilomita 10,000 alionse, ndipo pachaka mumayenda makilomita 20,000. Ndiye kuti mumasintha kawiri pachaka, omwe ndi malita 9, ndipo mukawonjezerapo lita imodzi yothiririra oyilo akatsika, mukufika pa malita 10 pachaka. Nambala imeneyi ilembeni pakapepala, chifukwa ndi imene idzakuletsani mukaima kutsogolo kwa shelefu yodzaza. Ngati galimoto yanu imayenda pang'ono, mwina mumasintha kamodzi kokha pachaka, pakuti opanga ambiri amalamula kuti oyilo asinthidwe chaka chikatha ngakhale mtunda usanakwane, ndipo zikatero chigubu chimodzi cha malita 5 ndiye chakudya chonse cha injini yanu pachaka.

Mtundu wa oyilo ndi pamene anthu ambiri amagwa m'mbuna. Manambala ngati 5W-30, 10W-40 kapena 20W-50 ndi muyezo wa bungwe la akatswiri a zamagalimoto la SAE wosonyeza kukhuthala kwa oyilo: nambala yoyamba, yotsatiridwa ndi W, imanena mmene oyilo amayendera injini ikazizira, ndipo yachiwiri imanena kukhuthala kwake injini ikatentha. Injini zambiri zatsopano zinapangidwa kuti zizigwiritsa ntchito oyilo wamadzimadzi monga 0W-20, pamene zakale zambiri zimafuna wokhuthala. Oyilo amene sakugwirizana ndi zimene buku lanu likunena musamugule, ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti onse ndi amodzi. Ine zinandichitikira zaka zapitazo: ndinagula zigubu zinayi za 20W-50 za galimoto yakale imene ndinkaganiza kuti ndikhala nayo nthawi yaitali, koma patangotha miyezi yowerengeka inafunika kukonzedwa modula kwambiri moti ndinaigulitsa, ndipo imene ndinagula m'malo mwake inkafuna 5W-30. Zigubu zitatu zinatsala zosatsegula, ndipo ngakhale chimodzi sichikanalowa mu injini yatsopanoyo.

Kuwonjezera pa kukhuthala, pachigubu pamakhala zilembo za bungwe la American Petroleum Institute, lomwe limadziwika kuti API. Zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, ndipo zoyamba ndi C ndi za dizilo. Miyezo imeneyi imasintha pakapita zaka: SM inabwera mu 2004, SN mu 2010, ndipo SP mu 2020. Muyezo wa SP unakhazikitsidwa, mwa zina, pofuna kuteteza injini zing'onozing'ono za turbo ku vuto loti mafuta amayaka msanga nthawi yake isanakwane, zomwe zimatha kuswa pisitoni, komanso pofuna kuchepetsa kutha kwa tcheni cha mu injini. Mfundo yofunika kwa munthu wosunga oyilo ndi yakuti, pa injini za petulo, oyilo wa muyezo watsopano amagwira ntchito mu injini yakale, koma wa muyezo wakale sakwanira mu injini imene ikufuna watsopano. Nthawi zina ogulitsa amatsitsa mtengo pofuna kuchotsa katundu wa muyezo wakale, ndipo zimenezo zilibe vuto ngati buku lanu likuvomereza muyezowo, koma zikutanthauza kuti oyiloyo ndi wa galimoto imene muli nayo lero yokha. Kwa a dizilo, samalani ndi zinthu ziwiri. Galimoto yokhala ndi sefa yogwira mwaye wa utsi, imene imatchedwa DPF, imafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, monga wa gulu la C pa miyezo ya ku Ulaya ya ACEA, chifukwa oyilo wamba amatseka sefayo pang'onopang'ono. Komanso oyilo wa FA-4, muyezo wina wa API wa injini za dizilo umene unatuluka mu 2016 pamodzi ndi wa CK-4, sanapangidwe kuti alowe m'malo mwa oyilo wa injini zakale za dizilo. Ndipo ngati muli ndi njinga yamoto, musaganize kuti oyilo wotsala wa galimoto mudzamuthira mmenemo, pakuti njinga zambiri zimafuna wa muyezo wa ku Japan wa JASO MA kuti kilachi yake, yomwe imakhala yomira mu oyilo, isamaterereke.

Tsopano funso la nthawi. Oyilo sawola ngati chakudya, koma muli mankhwala owonjezera amene amatsuka injini, kuletsa dzimbiri, kuchepetsa thovu ndi kuteteza zitsulo kuti zisaperesane, ndipo ena mwa mankhwalawa amatha kudikha pansi kapena kufooka oyilo akakhalitsa. Kampani ya ExxonMobil, imene imapanga oyilo wa Mobil 1, imalangiza kuti oyilo wa injini asasungidwe kupitirira zaka 5, ndipo makampani ena amatchula nthawi yocheperapo. Zaka zimenezi zimayambira tsiku limene oyiloyo anathiridwa m'chigubu kufakitale, osati tsiku limene inu mwagula. Chigubu chotsitsidwa mtengo chikhoza kukhala kuti chatha kale zaka ziwiri chili mosungira katundu, choncho chitembenuzeni, muyang'ane kunsi kapena pafupi ndi khosi lake pamene pamadindidwa tsiku kapena nambala ya gulu limene chinapangidwira, ndipo ngati simukuzimvetsa funsani wogulitsa.

Poganizira zonsezi, malire amene ndimalangiza ndi oyilo wa zaka ziwiri basi. Pa chitsanzo chathu chija, amenewo ndi malita 20, kapena kuti zigubu zinayi za malita 5, kuphatikizapo zimene muli nazo kale kunyumba. Zaka ziwiri zimasiya mpata wokwanira kuti oyilo asafike kumapeto a moyo wake ngakhale mutayenda pang'ono kuposa mmene munkaganizira, ndiponso ndi nthawi imene munthu anganene mosapeneka kwambiri kuti adzakhala adakali ndi galimoto yomweyo. Kupitirira pamenepo mwayamba kulosera zinthu zimene simungazidziwe: ngozi, kusamuka, kusintha ntchito, kapena injini kufa. Ngati galimoto yanu ili pa galanti, kapena sevisi mumakachitira kugaraja imene imathira oyilo wakewake, funsani kaye ngati amalola kuti mubwere ndi wanu, chifukwa ngati salola, malire anu ndi botolo limodzi lothiririra.

Mtengo ukatsika mopitirira muyezo, khalani tcheru, chifukwa oyilo wachinyengo alipo m'mayiko ambiri, ndipo ena amathira oyilo wogwiritsidwa kale ntchito m'zigubu za makampani odziwika. Gwirani chivundikiro muone ngati kamkombero ka pulasitiki kapansi pake sikanaduke, onani ngati zilembo za pachikalata sizikufufutika mukazipaka ndi chala, ndipo yerekezani chigubucho ndi china cha kampani yomweyo chimene munagula pamalo odalirika. Mukagula wambiri pamalo okayikitsa, ndiye kuti mwagula vuto limene lidzakhala likulowa mu injini yanu kwa zaka ziwiri zathunthu. Sungani lisiti. Za ukulu wa chotengera, zigubu za malita 4 kapena 5 ndi zabwino kwa munthu wa galimoto imodzi kusiyana ndi chidebe cha malita 20 kapena mgolo wa malita oposa 200, chifukwa chilichonse chimatsegulidwa tsiku limene chikufunika n'kutha nthawi yomweyo, pamene chidebe chachikulu chimakhala chotsegula kwa miyezi yambiri.

Kusunga kwake n'kosavuta koma kumafuna mwambo. Ikani zigubu choimirira, m'chipinda chouma, chopanda dzuwa, kutali ndi moto ndiponso pamene ana sangafike, ndipo zikhale pashelefu kapena pathabwa m'malo mwa pansi pamene pangadutse madzi. Malo amene amatentha kwambiri masana n'kuzizira usiku ndi oipa, chifukwa mpweya wa m'chigubu umafufuma ndi kunyala tsiku ndi tsiku, ndipo chivundikiro chikakhala chosamanga bwino, chigubucho chimakoka mpweya wachinyezi umene umasanduka timadontho ta madzi mkati. Tengani cholembera chosafufutika mulembe mwezi ndi chaka chogulira pambali pa chigubu chilichonse, chakale chikhale kutsogolo, chatsopano kumbuyo. Chigubu chimene mwatsegula chilembeninso tsiku lotsegulira, pukutani khosi lake, mangitsani chivundikiro, ndipo yesetsani kuchimaliza chaka chisanathe.

Oyilo amene wakhalitsa muyambe mwamuyang'ana musanamuthire. Khutchumulani chigubu chili chotseka, kenako thirani pang'ono m'botolo lagalasi loyera ndi louma, mulikweze powala. Oyilo wabwino amaonekera mkati, wa mtundu wa uchi, ndipo amatsetsereka bwino pagalasi. Akaoneka wotuwa ngati mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Akakhala ndi zibuluma kapena zinyalala zimene sizikusungunuka ngakhale mwakhutchumula, asalowe mu injini.

Nthawi yoleka kugula mudzaidziwa ndi zizindikiro zooneka. Ngati mukufunika kuwerenga zigubu kuti mudziwe kuchuluka kwake, ngati chakale kwambiri chapitirira zaka ziwiri chili pashelefu yanu, ngati mwayamba kudziuza kuti 10W-40 akhoza kulowa m'malo mwa 5W-30 chifukwa choti ndi wotchipa, kapena ngati ndalama zogulira oyilo zikuchokera pa zimene munasungira matayala ndi mabuleki, bwezani chigubucho pamalo pake. Ogulitsa amatsitsa mitengo mobwerezabwereza, ndipo mwayi wina udzapezeka pamene shelefu yanu idzakhale ndi malo. Lamulo limene lingakuthandizeni ndi lakuti chigubu chatsopano chizilowa pokhapokha china chikatuluka.

Ngati mwazindikira kuti muli kale ndi wochuluka, musamadikire kuti afike zaka 5. Patulani wa zaka ziwiri amene akugwirizana ndi buku lanu, ndipo wotsalayo mugulitseni kapena mumupereke kwa munthu amene galimoto yake imafunadi mtundu umenewo, chidindo cha pachivundikiro chisanaduke ndiponso tsiku lake likadali labwino. Amene wawonongeka musamutaye m'ngalande kapena panthaka, chifukwa oyilo wochepa chabe amaipitsa madzi ambiri. Mutsekeni m'chigubu chake chomwecho, mulembepo kuti ndi wowonongeka, ndipo mukamusiye kugaraja kapena kumalo amene amalandira oyilo wogwiritsidwa kale ntchito.